Tianyezi ta ku Dimba Nambala 14

Lolemba, 3 Epulo

Kalata ya komiti ya madimba. Poyambira: pepani ndi matenda a Bambo Garside. Pothera: tidzayendera pa 24 Epulo, dimba likapezeka lili thengo tidzalanda. Anthu 60 ali pamndandanda kudikira malo. Chifundo chake ndi chimenecho.

Amuna anga a Clifford, sabata yachisanu m'chipatala. Sitiroko. Dzanja lamanja lilibe ntchito, mawu akutuluka amodziamodzi. Zaka 31 ndakhala ndikunena kuti dimba nambala 14 ndi mkazi mnzanga. Lero ndine woti ndikamusambitse mkazi mnzangayo, kuti mwini wake akachira adzamupeze.

Lachinayi, 6 Epulo

Kudimba. Mvula yamawawa, mphepo yolowa m'mafupa. M'kashedi kawo zingwe, mabotolo, mapaketi a mbewu akalekale. Munthu wosataya kanthu. Nkhono zonenepa kuposa ine.

Mayi Pickersgill, mlembi wa komiti, kusuzumira pampanda. "Mayi Garside, fosholo timaiponda ndi phazi, sitichita kuinyengerera." Zikomo aphunzitsi.

Lachisanu Loyera, 7 Epulo

Mbatatesi zalowa pansi lero, monga mwa lamulo la a Clifford. Ngati kuti mbatatesi zimapita kutchalitchi. Mizere inayi, yonse yokhota. Bondo latupa.

Kuchipatala ndinawauza, kuyembekeza mendulo. Anangogwedeza mutu, kenaka movutikira: "Kumpanda... aphuka?" Ndinati kumpanda kwaphuka udzu, bambo, ndipo ndithana nawo.

Lachitatu, 12 Epulo

Ngodya ya kumpanda, pansi pa mtengo wa maapozi. Masamba ataliatali thothotho. Kukumba pansi, tianyezi toyera, tating'ono ngati chikhadabo. Mazanamazana. Katswiri wa zaka 31! Kudzala anyezi pamthunzi, ngakhale ine mbuli ndikudziwa kuti sizitheka.

Mawilibala awiri, onse kumulu wa manyowa. Ndafesapo kaloti. Payera mbee. Nkhani ya anyeziyu ndaisunga, ndidzawaseka nayo akadzatha kuyankha.

Lamulungu, 16 Epulo

Basi ya kuchipatala imadutsa m'munsi mwa nkhalango. Timabelu, timaluwa tam'nkhalango tooneka ngati mabelu, tayamba kuphuka, pansi pa mitengo pachita buluu. Kale chaka chilichonse tinkakwera kukationa, masangweji m'thumba la jekete lawo, ophwanyika nthawi zonse. Zaka zisanu tsopano osakwera, bondo lomweli. Chaka chomwe ndinalephera anati, "Usadandaule Hilary, nkhalangoyo idzatsika yokha kudzakupeza." Ine ndinati mukaiuze ibwere ndi makeke.

Ndawasowa, chidempete changacho. Nyumba yachita zii.

Afunsanso lero. "Aphuka?" Ndati mbatatesi sizili pa mpikisano.

Lolemba, 24 Epulo

Tapambana. Anabwera atatu ndi mapepala, nkhope ngati oweruza mlandu wakupha. Wina anati dimba la a Clifford silinayerepo chonchi. Ndinatsala pang'ono kuvina, bondo ndi lomwe linandiletsa.

Kenaka Mayi Pickersgill anaima pangodya paja. Anayang'ana pomwe ndinafesa kaloti. "Timabelu tija mwatisamutsira kuti?"

Timabelu titi?

Akuti kukumba timabelu m'nkhalango ndi koletsedwa, ndiye a Clifford anachita kufesa njere. Kuchokera panjere mpaka duwa loyamba, zaka zisanu. Chaka chake ndi chino, ndipo tianyezi ndinataya tija ndito timabeluto. Ngodyayo a komiti sankaiwerengera ngati thengo, onse ankadziwa. "Anatilumbiritsa kuti tisakuuzeni, mayi. Ankati maluwawo akaphuka adzabwera nanu kuno, mpando anagula kale, uli kuseri kwa shedi."

Ulipodi. Wabuluu, ukadali m'pulasitiki. Ndinaudutsa masabata atatu ndikutukwana kuti chinyalala china.

Komiti yomwe siisunga chinsinsi ngakhale cha amene waba manyowa, ichi chokha inasunga. Ndalira m'kashedi mpaka mamina, pakati pa mabotolo awo opusawo.

Lachiwiri, 25 Epulo

6 koloko m'mawa, pamulu wa manyowa, ndi manja. Tambiri taola, tikungosungunuka m'zala. Tolimba ndapeza 23. Kaloti ndazula yense.

Mayi Pickersgill anabwera ndi fulasiki ya tiyi. Anagwada pambali panga kusankha nawo, osalangiza kanthu. Koyamba chibadwire.

Kamodzi kanali pamwamba pa mulu, kopindika, masamba achikasu, koma kali ndi mphukira. Kunsonga kukuoneka kabuluu pang'ono. Ndakaika m'kapu yawo ya tiyi, yothyoka chogwirira ija, imene ndakhala ndikufuna kutaya.

Basi ya 2 koloko. Akafunsa kuti aphuka, ndinena kuti eya, bambo, nkhalango yatsika, nayi. Akafunsa za ena ndinataya aja...