Mahampu a mumsewu mwathu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Beaumont Leys tili moyo, kungoti mtima wanga sunakhale pansi.

Paja ndinakuuzani kuti galimoto yothamanga inatsala pang'ono kumugunda Tadala wanga pakhomo penipeni. Ndinapempha komiti ya eni nyumba kuti itiikire mahampu mumsewu. Tsiku la msonkhano lisanafike ndinakawaona a Mbewe, aja tinawasunga m'nyumba mwathu atangofika kuno. Anati, "Musadandaule mayi, Tadala ndi mwana wanga."

Wapampando atanditchula kuti ndiyankhule, ndinaona kuti si ulemu kutsogola akulu ali pomwepo, ndiye ndinapereka mpata wanga kwa a Mbewe. Achemwali, bambo aja anaimirira n'kunena kuti mahampu amawononga galimoto, makolo tingotsekera ana m'nyumba basi. Anthu anavota nthawi yomweyo, pempho langa n'kukanidwa, ine osatsegula ndi pakamwa pomwe.

Lamlungu kutchalitchi a Mbewe omwewo anamupatsa Tadala switi, mwana n'kugwada polandira.

Muwauze amayi azitipempherera, koma za a Mbewe musawauze, paja mpaka pano amawatcha mwana wawo. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Chisomo