Chithunzi cha Nasra

Vinthukutu,
Karonga.
14 Novembala.

Okondedwa achimwene a Chakufwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Yunike ndi ana kumeneko ku Lilongwe. Maso aja akupeza bwanji? Ndalemba m'Chichewa dala, podziwa kuti okuwerengerani ndi alamu, ndipo Chitumbuka chawo mukuchidziwa nokha. Alamu, musandikwiyire.

Kuno tilipo. Kutentha ndiye kwanyanya, mvula sinagwe. Amama miyendo ikuwavutabe koma akudya bwino. Sindinafune kuimba foni chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti sukulu yomwe ndikuyang'anira inamangidwa ndi mpingo wathu, koma aphunzitsi ndi a boma, mayeso ndi a boma. Nyumba yomwe ndikukhala ndi amama ndiyo ya mpingo. Zaka zisanu ndi ziwiri ndatumikira mabwana awiri osapunthwa. Sabata yatha ndapunthwa.

Mu Sitandade 8 muli mtsikana dzina lake Nasra, mwana wa a Musa a ku Mangochi, ogulitsa nsalu pa Uliwa. Amavala mpango kumutu monga mwa Chisilamu. Akulu a mpingo analamula kalekale kuti mpango usalowe m'kalasi, ndiye mwanayo amauvulira pansi pa mtengo wa mango wa pageti n'kuupinda m'chikwama. Zaka ziwiri ndakhala ndikumuona, n'kumayang'ana kumbali. Ndikuvomera, achimwene.

Lachiwiri kunabwera wojambula zithunzi za zitupa za mayeso. Amabwera tsiku limodzi lokha, ndipo mwana wopanda chitupa salemba. Nasra anaima pamzere atavala mpango wake.

Ndinamuitanira mu ofesi. Anandiuza mwaulemu, maso ali pansi, kuti m'kalasi amapirira chifukwa tikaweruka zimathera pomwepo, koma chithunzi chimakhalitsa. Chidzaonedwa ndi amuna osawadziwa, ndipo agogo ake ku Mangochi adzachiona. Anati ngati ndi choncho, bola asalembe. Mwana ameneyu ndiye woyamba pa masamu m'zoni yonse.

Ndinafunsa wojambula uja. Iye anati chomwe akufuna ndi nkhope ioneke, basi. Ndinamuuza ajambule. Ndinasaina, ndinadinda chidindo, ndipo Lachisanu mafomu onse anapita. Madzi akatayika saoleka.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, a Kayange, mkulu wa mpingo uja wa jekete lakuda, anandiimika pakhomo anthu akuona. Anati ndaitanidwa ku bwalo la akulu pa 23, ndikafotokoze amene anandipatsa mphamvu. Anaonjezera kuti nyumba ya mpingo ndi ya wantchito womvera mpingo.

Ndinayankha kuti malamulo aakulu a dziko lino amapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo, ndiponso chitupacho ndi cha boma. Anaseka. Anati ufulu umenewo unalembedwa kuti boma lisamalowerere za mpingo, ndipo mmodzi mwa amene anauvutikira ndi adada athu omwe. Anati n'zamanyazi kuti munthu anathyoledwa nthiti potchinga khomo la tchalitchi lino, lero mwana wake ndiye akulitsegulira boma.

Mawu amenewo anandilasa mtima. Inu mukudziwa kuti nkhani ya nthiti za adada ndinakula nayo, imanenedwa ngakhale pa guwa.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu. Iye anati ndinachita bwino kwambiri, anandigwira chanza, koma anati za nyumba boma silingalankhulepo poti si yake. Ndiye taonani, a Kayange ndi mlangizi agwirizana kuti boma ndi mpingo ndi zosiyana. Pakati pawo patsala ine ndi nkhalamba yosayenda.

Chakudya sichikulowa. Ndikamaphunzitsa ndimapezeka ndaima ndi choko m'manja, ndikuganiza za nyumba ya lendi pa Uliwa, ya chimbudzi chakutali, ndi miyendo ya amama. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti ndinasainiranji. Ndikuchita mantha, sindibisa.

Dzulo masana amama akusenda chinangwa anandifunsa chomwe chikundiwondetsa. Ndinawauza zonse. Anati a Kayange nthawi imeneyo anali kamwana ka mamina, sakudziwa kanthu.

Akuti achinyamata a chipani cholamula nthawi imeneyo sanawamenyere adada khomo la tchalitchi ayi. Anabwera kudzafuna kuti akulu a mpingo awalozere nyumba za a Mboni, omwe ankakana kugula makadi a chipani. Akulu ena analoza. Adada anakana. Anati chikhulupiriro cha munthu si cha boma kuti lichifufuze, ndiponso si cha mpingo wathu kuti uchipereke.

Akuti banja la a Sichali, a Mboni, linabisala m'khitchini mwathu masiku atatu lisanaoloke mtsinje wa Songwe kuthawira kunja kwa dziko. Adada sankagwirizana nawo ngakhale pang'ono. Amama akuti ankakangana nawo za Baibulo uku akuwapatsira chakudya. Nthiti zija zinathyokera anthu a chipembedzo china, achimwene. Patapita zaka nkhaniyo inakonzedwa, poti yeniyeniyo inkachititsa manyazi mabanja a amene analoza.

Amama akuti inu munali ndi zaka khumi ndipo munaona zonse. Bwanji simunandiuzepo?

Tsono pempho langa ndi ili. Bwerani pa 23. Amama akuti adzapita okha ku bwalo ngakhale chokwawa, koma ndikudziwa kuti akulu aja adzangoti ndi ukalamba. Inu ndinu mwamuna, ndinu mkulu wa mpingo kumeneko, ndinu mwana woyamba wa adada. Inu sangakuuzeni kuti mukhale pansi.

Ndikudziwa kuti za mipango m'sukulu za mpingo simugwirizana nazo. Munanena poyera pamaliro a azakhali. Sindikupemphani kuti musinthe maganizo. Adada sanasinthe maganizo awo pa a Mboni mpaka kumanda. Mudzangonena zomwe munaona tsiku lija, basi. Akadzanditulutsa m'nyumba atamva zoona, ndidzatuluka. Chomwe sindingapirire ndi kutulutsidwa m'dzina la adada.

Ngati simungabwere, kapena mtima wanu sukufuna, ndiuzeni msanga. Mukonze chipinda cha amama, ndidzawakweza basi sukulu ikatsekera. Ine ndidzaona pogona.

Nasra sakudziwa chilichonse cha izi, ndipo asadziwe mpaka alembe. Lero m'mawa wauvulanso mpango pa mango paja, monga mwa masiku onse. Ulendo uno sindinayang'ane kumbali.

Amama amanga kale zovala zawo m'chitenje. Nditawauza kuti asafulumire, bwalo silinakhale, anati anakwatiwa ndi mwamuna wa mutu wotere, abereka mwana wa mutu womwewo, ndiye kumanga katundu sangaphunzitsidwe ndi ine.

Mundiperekere moni kwa Emma ndi Anthony, muwauze alimbikire sukulu. Alamu a Yunike, yewo chomene powerenga, ndipo musadumphe mzere ngakhale achimwene atakwinya nkhope. Ambuye akusungeni nonse, akupatseninso ulendo wabwino.

Ndine mlongo wanu wodikira yankho,

Keziya.