Tinawalira ali moyo

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, ndipo ndalefuka thupi lonse.

Amuna anga, bambo a Esinati, agwanso khunyu lero akusosa kumunda. Kuphupha kutatha anangoti zii. Ndinayika khutu pachifuwa, osamva kanthu. Amayi anga anawafunditsa chitenje n'kuyamba kulira maliro. Kenaka chitenje chija chinagwedezeka, iwo n'kupempha madzi.

Tinawatengera kuchipatala cha mishoni panjinga. Adokotala akuti akagwa khunyu, mtima wawo umagunda pang'onopang'ono mpaka kutsala pang'ono kuima. Mapiritsi a khunyu awonjezera, koma chofunika ndi kachipangizo koika m'chifuwa kuti kazidzutsa mtima. Kuno kulibe, mpaka ku Joni.

Pobwerera amuna anga anandiuza kuti, "Mayi a Esinati, ulendo wina musafulumire kulira." Ndinavomera. Koma tsiku limene chitenje sichidzagwedezeka, ndidzadziwa bwanji kuti basi, ndilire?