Bwerani Mwana Asanabadwe

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji kutaliko? Kuno tili bwino, mwana wayamba kusewera m'mimba.

Ndayamba sikelo. Anandiperekeza amayi ndi amuna anga. Bedi lakumeneko ndi lalitali, moti amuna anga anachita kundinyamula kuchoka panjinga yanga ya olumala n'kundigoneka. Namwino sanandiyang'ane n'komwe, anafunsa iwo kuti, "Mlongo wanuyu, ndani wamuchita chipongwe chotere?"

Ndinayankha ndekha. "Awa ndi amuna anga. Mimbayi tinachita kuifuna."

Potuluka, amayi anatsalira n'kumanong'onezana ndi namwino uja. Ndinangomvako amayi akuti, "Akadzangochira tidzathane nazo zoberekazi, mwana mmodzi akwana." Nditawafunsa, anayamba kukamba za matewera.

Azakhali, amayi amamvera inu. Bwerani mwana asanabadwe. Pabedi lija sinditha kutsikapo ndekha.

Ndine mwana wanu.