Chingerezi cha m'chigafa

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Mitundu tilipo ndithu. Ndine Esinati wanu, uja munkati pakamwa pake sipauma. Nkhani zandichulukira, ndiye khalani pansi bwinobwino mumve.

Chichokereni inu, akazi a achimwene Yohane anatipatsa mwana wamwamuna, mphuno yake yanu yeniyeni. Chimanga cha chaka chatha chinapsa ndi ng'amba, koma chaka chino mvula yatikomera mtima, moti fodya wa abambo wadzaza chigafa mpaka kusowa popachika. Mbuzi yanu yamawanga ija khalidwe lake ndi lomwe lija, inakadya nyemba za a Nabanda ndipo ndinakapepesa ndine. Abambo chifuwa chimawavutabe kukazizira, koma za kuchipatala safuna n'kumva komwe. Amuna anu mukuwadziwa. Chisomo wanga, mdzukulu wanu, wakula ndipo amafunsabe kuti agogo abwera liti.

Tsono nkhani yaikulu nayi: ndine mphunzitsi, amayi! Boma latsopanoli litanena kuti sukulu ndi yaulere, ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi, aphunzitsi n'kuchepa. Anayamba kutenga ngakhale ife amene tinalekezera Fomu 2. Setifiketi ija munandikakamiza kukaitenga nditabereka Chisomo, anthu akukusekani kuti mukutaya nthawi ndi mwana wolakwa kale, ndi imene yandilowetsa ntchito. Anandipatsa Sitandade 5, kalasi yake pansi pa mtengo wa mango. Koma tinali ongogwirizira. Ahedi anatiuza poyera kuti kubwera woyendera masukulu, ndipo amene aphunzitse bwino apita kukosi ya uphunzitsi, otsalawo abwerere ku khasu.

Phunziro limene linkandisowetsa mtendere ndi la Chingerezi. Chilankhulo chimenechi chili ndi kamchitidwe kake, amayi. Amatenga mawu amodzi n'kuwaphatika kamawu kena kakang'ono, basi tanthauzo lasintha. "Look" ndi kuyang'ana, koma "look for" ndi kufunafuna, pomwe "look after" ndi kusamalira. Zili ngati nkhwani: mukathira nsinjiro yasanduka ndiwo ina. Ndipo eni ake sangathe tsiku osalankhula timawu totere, podzuka, povala, potola chinthu, potseka chitseko.

Ine ndinkangowalemba pabolodi, ana n'kumaimba pambuyo panga mokoma ngati kwaya ya ku tchalitchi. Koma tsiku lina choko chitandigwa ndinati, "Pick it up," ana onse anangobwereza mokweza kuti "Pick it up!" popanda ndi mmodzi yemwe wowerama. Choko chili gone pansi! Ndinabwerera kunyumba mutu uli waukulu. Ndili m'njira ndinakumbukira mmene munandiphunzitsira kusoka fodya. Simunandikhazike pansi n'kumandilongosolera ayi. Munangondipatsa singano ndi masamba n'kunena kuti, "Ntchito siilowera kukhutu, mwanawe, imalowera m'manja." Ndinakumbukira, inde, koma ndinkaopa kuti akuluakulu adzati ndikuseweretsa ana.

Woyendera uja anatulukira pa njinga yamoto kuchokera ku Nathenje, matope mpaka m'mawondo, nkhope yosaseka. Ndinali nditadzaza bolodi ndi zolemba zanga zokongola. Nditangoti ndiyambe, mtambo unadza bii kuchokera ku Dzalanyama, mvula n'kukhuthuka. Zolemba zonse zinatsukika ndikuona. Apa zinafika pa mwana wakana phala. Ana anayamba kutola mabuku kuti athawire kwawo monga mwa masiku onse, ine mtima uli phaphapha. Ndinangokuwa kuti, "Tonse ku chigafa cha abambo!" Paja chili kuseri kwa sukulu komweko. Bwana uja anatitsatira, chikwama chili pamutu.

M'chigafa munalibe bolodi, munalibe choko. Ndinati kaya, chife chife. Ndinagwetsa tsamba la fodya n'kuloza mwana mmodzi: "Pick it up." Anatola. "Put it down." Anaika pansi. "Hang it up." Anakolowekadi pa mkangala wopachikapo fodya. Posakhalitsa ana anayamba kutumana okhaokha m'Chingerezi, uyu "sit down," uyo "stand up," kuseka kuli konse, mvula ikuchita zake kunja. Abambo anangoima pangodya kukamwa kuli yasa, akuyang'anira fodya wawo kuti asathotholedwe.

Ndiye bwana uja anati, "Madamu, za fodya ndaziona. Nanga 'look after' muipachika pa mkangala uti?" Nthawi yomweyo khanda linalira kumbuyo. Ndi la kwa Lute, mtsikana wamtali amene makolo ake ndi matenanti ku esiteti, ndipo amabwera m'kalasi atabereka mng'ono wake chifukwa alibe womusiyira. Lute anavula juzi yake n'kufunditsa khandalo kuti lisadonthedwe, akulisusutira. Ndinati ana onse atembenuke aone, ndipo ndinawauza kuti chimene akuchita mnzawoyo ndiye "look after." Eee, manja anakwera okhaokha! Wina anati amasamalira mbuzi, wina agogo ake odwala, aliyense chiganizo chakechake m'Chingerezi.

Bwanayo anati nanenso ndipereke changa. Chimene chinanditulukira ndi ichi: "My mother looked after my child." Ndiko kuti amayi anga anandilerera mwana. Ndinakuonani mukupalira ndi Chisomo kumsana dzuwa likuswa mtengo, ine ndili m'kalasi. Ndinalira pamaso pa ana, osachita manyazi. Ndakusowani kwambiri.

Sabata yatha ahedi anandiitana ku ofesi n'kundiuza kuti sukulu ikatsekera ndikupita kukosi. Ndinavina, koma pofika kunyumba chimwemwe chinazilala, poganiza kuti Chisomo ndimusiyira yani, popeza alamu nawo ali ndi khanda. Ndinawauza abambo kuti mwina ndingokana. Analowa m'nyumba, anatsegula sutikesi yanu ija sanaikhudze chiikireni maliro, natulutsa chitenje chanu chobiriwira. Anachikoleka paphewa pawo n'kunena kuti, "Amako anayamba ntchitoyi, ine ndiimaliza. Mwana musiye kuno, iwe pita." Abambo omwe aja, amene sananyamulepo mwana chibadwire! Dzulo ndawapeza akuphunzira kuluka tsitsi la Chisomo, mizere yake yokhotakhota, mwana akulira, iwo thukuta lili kamukamu. Mukanaseka mpaka kugwa.

Ndiye ndikupita, amayi. Ndikulonjeza kuti sindikabwerako chimanjamanja. Ndikadzalandira pepala la uphunzitsi, ndisanalowe n'komwe m'nyumba, ndidzayamba ndafika kumene mwagonako, ndidzalambule udzu, ndikuonetseni.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Esinati