Foni ya alamu yosatseka pakamwa

Lachinayi. Kwatentha, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Alamu anga abwera pakashopu kanga masana, akadali mu yunifomu ya kuloji kumene amaperekeza azungu odzaona nyama zakutchire. Foni ndinawagulitsa ija akati ajambule, imalira kuti khetche! ngakhale atsitse mawu mpaka pansi. Akuti dzulo inathawitsa kambuku azungu awo asanamujambule.

Anapita nayo kale ku Chipata, kushopu ya kampani yopanga mafoniwa. Kumeneko anawauza kuti foniyo inapangidwira dziko lina, kuno saidziwa, sangaikonze.

"Alamu, kampani imeneyi ndi ya akuba," akutero. "Ndauza anzanga onse asadzagulenso zake."

Ine n'kuyankha kuti, "Zoonadi, alamu."

Pakamwa pangapa! Si ndine ndinaigula kwa munthu wa chikwama pabasi, ndikuona ndi maso anga kuti pabokosi pali zilembo zosawerengeka? Bokosilo ndinatentha, foni n'kuika m'bokosi lina. Lero kampani ikutukwanidwa Mfuwe yonse, ine ndili phee.

Potsanzika andisiyira nsomba zoti ndikapatse mlongo wawo, mayi a kunyumba kwanga, n'kunena kuti, "Mwayi wake tili ndi inu odziwa mafoni."

Nsombazo onse adya bwino. Ine zanga ndazisiya m'mbale. Mawa alamuwo ndikawauze zoona ndekha, kapena ndiyambe ndauza mayi a kunyumba, koma nkhope ya mayiwo akakwiya ija...