Chifuwa cha Kachinkhwe

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife tikadali papulazi pomwe munatisiya kuno ku Karoi, m'nyumba yomwe ija ya kumapeto kwa komboni. Mvula yagwa bwino, fodya akuthyoledwa, ndipo mabalani oumitsira fodyayo akufuka utsi tsiku lonse. Mpongozi wanu Felesiya ali bwino. Malita wayamba sukulu, amakhala m'kalasi mwanga momwemo, ndipo akalowa amandiitana aphunzitsi ngati ana ena onse, koma akatopa amaiwala n'kunena kuti ababa.

Chimene ndakhalira pansi kulemba ndi chifuwa chimene chinamveka m'nyumba muno. Kuti mumve bwino, ndiyambire pa mbalame.

Nthawi yozizira, anthu odula nkhuni za m'mabalani anagwetsa mtengo waukulu wa msasa kuseri kwa damu, ndipo m'mphako mwake munali ana a chinkhwe. Enawo anafa mtengo utagwa. Kamene kanatsala ndinakapempha, nthenga zake zisanathe kumera. Mantha ake sindinawaonepo pa chamoyo china. Ndikangotambasula dzanja, kankathawira m'mbali mwa dengu limene ndinakaikamo n'kugona chagada, zikhadabo m'mwamba. Poyamba ndinkakamwetsa phala mokakamiza kuti kasafe, ndipo kanandida nazo.

Kenako ndinakumbukira zimene munkandiuza tikagula nkhuku yachilendo: "Usaiyang'ane m'maso, Laisoni. Izikuona uli ndi zako." Ndinachita zomwezo. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pakhonde chammbali kwa dengu, n'kumawerenga mokweza nyuzipepala zakale zimene khukhi wa bwana amandisungira. Nkhani za chitaganya cha maiko atatu kanazimva zonse, za ofuna ndi za okana omwe. Mtedza ndinkauika patali, kenako pafupi ndi phazi langa, kenako pabondo. Kanadzatola mtedza m'dzanja langa nthawi ya masuku, omwe anzathu a kuno amati mazhanje. Kuyambira pamenepo kanazolowera kukwera mkono wanga, kulowa m'jekete mbali ya kumanzere, n'kutsamiritsa mutu pachifuwa panga. Kwa munthu wina sikapita. Felesiya kanamuluma chala mpaka magazi.

Buku la mbalame limene ndinabwereka kwa abusa limati mtundu umenewu sulankhula kwenikweni, koma umatengera phokoso limene umamva kawirikawiri. Choncho ndinkayembekezera kuti kadzalira ngati chitsulo choitanira anthu kuntchito, kapena ngati chitseko chathu.

Linali Loweruka masana, dzuwa lili phwee, Felesiya akuchapa panja, ine ndikukhoma mwendo wa mpando. Tinamva munthu akutsokomola m'nyumba. Kawiri, motsekereza, ngati pakamwa pali nsalu, kenako kamluzu kaja ka mpweya pobweza. Amayi, munali inu ndithu. Felesiya anasiya sopo m'madzi osacheuka. Ine ndinalowa. Munalibe munthu. Kachinkhwe kanali pamtanda wa denga kakudzikonza nthenga, ndipo kanandiyang'ana ndi diso limodzi n'kubwerezanso.

Inu mukudziwa bwino chifukwa chake anthu a pakomboni amatsokomolera m'nsalu. Bwana akamva kuti m'nyumba muli chifuwa chachikulu, banja lonse limakwera lole, ndipo kwathu ku Dedza kulibe munda umene ukutidikira. Chanu munachibisa m'shedi yosankhira fodya mpaka kumapeto, mukuti, "Ndi fumbi chabe ili, lidzatha mvula ikagwa." Koma mbalame sidziwa kubisa. Inkakwera pamwamba pa denga n'kumatsokomola anthu akubwera kumunda.

Sipanapite nthawi, a Banda folomani anaima pakhomo n'kufunsa kuti akudwala ndani. Ndinawaonetsa mbalame, ndikuganiza kuti aseka. Sanaseke. Anati chifuwa chimenecho akuchikumbukira mwini wake, ndipo ngati chifika m'makutu mwa bwana, iwo sadzayamba kumufotokozera mzungu nkhani za mbalame. Felesiya naye anali ndi zake. Ankati mukudandaula chifukwa tinakuikani pakati pa alendo, popanda wachibale wa kwanu kudzathira dothi. Zifukwa zinali zosiyana, koma onse awiri anagwirizana kuti kachinkhwe kafe. Vuto linali lakuti panalibe amene akanakagwira.

"Kamabwera kwa inu nokha, bambo a Malita," anatero Felesiya. "Kaitaneni."

Ndinakaitanadi. Kanatsika padenga, kanayenda pamkono wanga monga mwa masiku onse, n'kulowa m'jekete. Khosi lake ndi lochepa kuposa chala changa, ndipo ndinkamva mtima wake ukugunda pansi pa dzanja langa. Nditaimirira choncho ndinayamba kuganiza bwinobwino. Dzira lake linaikiridwa inu tinakuikani kale. Mawu anu sikanawamvepo. Mbalame imabwereza zimene yamva, ndiye kuti m'nyumba muno muli munthu wamoyo amene akutsokomola chotere, ndipo ndikapha mbalame munthuyo sachira. Maganizo anga anathamangira kwa Malita, amene ankagona nanu pamphasa imodzi nthawi yonse ya kudwala kwanu. Ndinauza Felesiya kuti andipatse nthawi.

Ndinayamba kumvetsera. Malita ndinkamutchera khutu m'kalasi, pothamanga ndi anzake, posamba madzi ozizira. Sanatsokomole. Felesiya nayenso ayi. Nditamufunsa ngati ine ndimatsokomola m'tulo, anati akanadziwa, chifukwa chiyambireni nkhaniyi iye sakuona tulo. M'nyumba yonse wotsokomola anali mmodzi, wa nthenga.

Pamapeto pake ndinapempha chilolezo kuti tikaone mlongo wanga Esinati, amene wabereka kupulazi la ku Sinoya. Mwanayo tamuonadi, ndi wamwamuna, wonenepa, mphuno ya kwanu yeniyeni. Koma pochoka kumeneko tinapita kuchipatala kumene amajambula m'chifuwa, tonse atatu.

Malita alibe kanthu, Amayi. Ndanena msanga kuti mtima wanu ukhale pansi. Felesiya nayenso alibe. Chithunzi changa dokotala anachikweza pawindo, n'kuloza ndi cholembera kamtambo koyera pamwamba, mbali ya kumanzere. Anafunsa kuti ndakhala ndikutsokomola nthawi yaitali bwanji. Ndinati sindinatsokomolepo. Iye anati zimachitika matenda akamayamba kumene, ndipo anthu a m'mapulazi safika kwa iye msanga chotere. Anafuna kudziwa amene ananditumiza. Ndinati ndinangoganiza ndekha.

Pa lole pobwerera ndinayesa kuisanthula nkhaniyi. Makutu a mbalame ndi akuthwa kuposa athu, ndipo malo amene dokotala analoza ndi omwewo amene kamatsamiritsa mutu. N'kutheka kuti muli kamluzu mkati mwanga kamene ife sitimva, koma iko kankamva tsiku ndi tsiku. Mpaka apa mutu wanga ukuvomereza. Koma kutsokomola kawiri kuja, ndi nsalu ija ya pakamwa, kanazimva kuti? Ndawerenganso buku la abusa lonse. Mulibe.

Bwana ndamuuza ndekha, a Banda ali pomwepo. Bwanayo anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kunena kuti Felesiya ndi mwana akhoza kukhala m'nyumbayi mpaka fodya atagulitsidwa, bola Felesiya azilowa m'shedi. Za kutsogolo kwake sanalonjeze. Sukulu aigwira mnyamata wina wochokera kumishoni. Ine ndikupita kukagonekedwa Lolemba, ndipo akuti ndi miyezi yambiri ya jakisoni ndi mapiritsi.

Za kupha mbalame Felesiya sakunenanso. Iye akuti munaituma ndinu, ndipo ine sindikukangana naye. Madzulo ano akumakhala pakhonde chammbali, maso ali kwina, mtedza uli pafupi ndi phazi lake. Kachinkhwe kakumutsikira mpaka pakati pa nsanamira n'kubwerera. Ndamuuza kuti asafulumire, ndipo kakamuluma asakuwe.

Lero m'mawa ndikumanga katundu, ndatsokomola koyamba. Kawiri, ndi kamluzu pobweza mpweya. Ndinangozindikira kuti dzanja langa lakweza kale m'mphepete mwa malaya kufika pakamwa, ine osalituma. Ndinalitsitsa, ndinatuluka panja, ndipo chotsatiracho ndinachitsokomola poyera anthu akupita kumunda. Kachinkhwe kanali padenga. Kanapendeketsa mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ndipo mpaka tsopano sikanatulutse mawu.

Sindinena kuti munali inu, chifukwa ndilibe umboni, ndipo mukudziwa mmene ndilili. Koma ngati munali inu, ndamva. Musandikonzere malo kumeneko. Mankhwala ndidzamwa onse mpaka dokotala atanena yekha kuti basi, ndipo Malita ndidzamulera ndi manja angawa.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Laisoni